Bolsonaro walowa m'ndende: demokalase ya ku Brazil yalimba kapena yangopulumuka?

Limbani: Moni nonse. Mwaona za ku Brazil? Bolsonaro, pulezidenti wakale uja, anamutsekera ndithu mu Novembala 2025. Anali pa ukaidi wapanyumba ku Brasília nde anatenga kachitsulo kowotcherera mawaya kaja n'kuyamba kuwotcha chipangizo chimene anamumanga pamwendo, apolisi anangofika m'mamawa kudzamutenga. Pano zaka 27 ndi miyezi 3 zimene khothi lalikulu linamugamula mu Sepitembala 2025 zija, pa mlandu wofuna kulanda boma ataluza kwa Lula chisankho cha 2022, wayamba kuseweza. Funso langa makamaka kwa inu achemwali Tiyamike poti muli konko, apa tinene kuti demokalase yawo yalimba kapena yangopulumukira m'kamwa mwa ng'ona?

Dalitso: Yalimba basi, palibenso zokambirana apa. Ndi mayiko angati amene angatsekere pulezidenti wakale pamodzi ndi majenerali ake? Ku America komwe Trump anthu ake anaswa nyumba ya malamulo mu 2021 koma lero munthuyo ali pampando. Brazil yaonetsa kuti lamulo ndi lamulo

Tiyamike: Achimwene a Dalitso ndikanakonda zikanakhala choncho. Ndikulemba ndili m'chipinda changa muno ku Minas Gerais, pawindo la pabalaza pali mbendera ya Brazil imene mayi amene ndimachita lendi kwawo anapachika mu 2022 ndipo mpaka lero sanayitsitse. Tsiku limene anamumanga lija mayiwa analira ngati kwagwa maliro a m'bale wawo. Si munthu woipa ayi, nditadwala dengue ndi amene ankandiphikira n'kumandiperekeza kuchipatala, koma mumtima mwawo chisankho cha 2022 chinabedwa ndipo asilikali analakwa posalanda boma. Anthu ngati iwowa si ochepa. Musaiwale Lula anapeza mavoti 60 miliyoni ndi kanthu, Bolsonaro 58 miliyoni ndi kanthu, 50.9 pa 49.1. Ndende yatsekera munthu mmodzi ndi anzake angapo, koma maganizo aja ali panja akuyenda.

Limbani: Koma anthu 58 miliyoni onsewo sangakhale kuti amafuna asilikali

Tiyamike: Ayi si onse, ambiri anangovota chifukwa chodana ndi PT chipani cha Lula, ena chifukwa cha tchalitchi, ena za ulimi. Koma chimene chimandiopsa ndi choti atamva zonse zimene zinaululika kukhothi ambiri sanasinthe. Mukudziwa kuti panali pulani yolembedwa yopha Lula, wachiwiri wake Alckmin ndi jaji Alexandre de Moraes? Anaitcha Punhal Verde e Amarelo, kutanthauza mpeni wobiriwira ndi wachikasu, mitundu ya mbendera yawo. Ukawauza anthu ena kuno amangogwedeza mapewa amvekere zonsezo n'zopeka za Moraes.

Yohane wa ku Tete: Ndilowepo apa. Ine ndagwira ntchito ndi ma Brazil ku Moatize nthawi imene Vale inali ndi mgodi wa malasha, ndipo kwathu kuno TV ya ku Brazil timaonera tsiku ndi tsiku ndiye nkhanizi ndazitsata m'Chipwitikizi momwe. A Dalitso, chimene chinapulumutsa Brazil si khothi poyamba. Mu Disembala 2022 Bolsonaro anaitana akuluakulu a asilikali n'kuwaonetsa chikalata chofuna kuimitsa zotsatira za chisankho. Wamkulu wa asilikali apamadzi Almir Garnier anavomera. Wamkulu wa apamtunda Freire Gomes ndi wa am'mlengalenga Baptista Júnior anakana. Ndi pomwepo basi. Anthu awiri. Akanati eya anthu awiriwa, bwenzi lero tikukamba zina, ndipo majaji amene mukuwayamikirawo mwina ndi amene akanakhala m'ndende kapena kumanda. Ndiye dziko la anthu oposa 200 miliyoni likamadalira pakamwa pa anthu awiri ine sindinganene kuti lalimba

Dalitso: Komatu kukana kwawoko ndiye kulimbako. Zikusonyeza kuti asilikali anaphunzira

Yohane wa ku Tete: Anaphunzira chani achimwene? Asilikali omwewo analola anthu kumanga misasa pakhomo pa malikulu awo kwa miyezi iwiri akuimba ndi kupemphera kuti alande boma. Inuyo kayeseni kukhoma tenti pageti pa Kamuzu Barracks muone ngati mungagonepo. Ku Brasília anthu anachokera pamsasa womwewo pa 8 Januwale 2023 n'kuyenda wapansi kukaswa nyumba ya malamulo, ofesi ya pulezidenti ndi khothi lalikulu, zonse zitatu masana amodzi. Ndipo lisanafike tsiku limenelo pa 24 Disembala munthu wina anatchera bomba pa thanki ya mafuta pafupi ndi bwalo la ndege, mwayi silinaphulike

A Nkhoma: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzitsa mbiri ku sekondale zaka zambiri ndiye mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mukayambira pa Bolsonaro mukhala ngati munthu wofika pa mlandu anthu akumwazikana. Ku Brazil asilikali kulowa ndale si ngozi, ndi mwambo. Ufumu unatha mu 1889 osati ndi voti, anaugwetsa ndi msilikali Deodoro da Fonseca, iye n'kukhala pulezidenti woyamba. Mu 1930 Getúlio Vargas analowa mothandizidwa ndi asilikali, mu 1945 asilikali omwewo anamuchotsa. Mu 1964 anagwetsa João Goulart n'kulamulira zaka 21 mpaka 1985. Ndiye msilikali wa ku Brazil amakula akuuzidwa kuti dzikoli ndi lake, anthu wamba amangobwereka, akalakwitsa iye ali ndi ufulu wolitenganso.

Koma pamene pagona nkhani ndi 1979. Asilikali ataona kuti nthawi yawo ikutha anapanga lamulo lokhululukira milandu ya ndale, lokhululukira amene ankalimbana nawo komanso iwo eni amene ankazunza ndi kupha anthu. Anadzikhululukira okha. Mu 2010 khothi lalikulu linati lamulolo likhalebe. Komiti yofufuza zoona inatulutsa lipoti mu 2014, inapeza anthu 434 ophedwa kapena osowa, koma palibe jenerali wa nthawi imeneyo amene anagona m'ndende. Anansi awo a ku Argentina anazenga akuluakulu awo mu 1985 ndipo mtsogoleri wawo wakale Videla anafera m'ndende mu 2013. Ku Brazil wozunza anthu ankapuma ntchito n'kumalandira penshoni. Akuluakulu anati mlandu suola, koma ukausiya nthawi yaitali ana amayamba kuganiza kuti panalibe mlandu.

Limbani: Zikomo bambo Nkhoma, izi za 1979 sindinkazidziwa

Tiyamike: Abambo mwalasa. Ndipo chitsanzo chake ndi ichi. Mu Epulo 2016 aphungu akuvota zochotsa pulezidenti Dilma Rousseff, Bolsonaro ali phungu anaima pa maikolofoni dziko lonse likuonera n'kupereka voti yake polemekeza Carlos Brilhante Ustra, msilikali amene ankayang'anira malo ozunzirako anthu ku São Paulo. Dilma ameneyo anamangidwa mu 1970 ndipo anazunzidwa ndi boma la asilikali lomwelo. Tangoganizani mayi amene anamuzunza ndi magetsi ali mtsikana, lero wina akutamanda ozunzawo pamaso pake. Munthuyo sanachotsedwe uphungu, patangotha zaka ziwiri anthu anamusankha kukhala pulezidenti. Anzanga ena a m'kalasi amene anabadwa m'ma 2000 amandiuza kuti agogo awo amati nthawi ya asilikali kunalibe mbava ndipo misewu inkamangidwa

A Nkhoma: Mawu amenewo mwana wanga ndimawamva kunonso, akuti nthawi ya Kamuzu kunali mwambo. Amene amanena ambiri sanaone munthu akutengedwa usiku. Nafenso mlandu wa ku Mwanza wa nduna zitatu ndi phungu aja unatha mu 1995 popanda wopezeka wolakwa. Koma tisapatuke, tibwerere ku Brazil.

Mphatso: Ine ndikufuna ndiime mbali ina pang'ono, osati poikira kumbuyo Bolsonaro, munthuyo ndimadana ndi zochita zake kuyambira nthawi ya covid pamene anthu pafupifupi 700,000 anafa iye akunyoza katemera. Koma tiyeni tione amene anamuweruza. Majaji anali asanu. Alexandre de Moraes ndi amene ankatsogolera kafukufuku, ndi yemweyonso amene pulani ija inkafuna kupha, ndiye wodandaula ndi woweruza ndi munthu mmodzi. Cristiano Zanin anali loya wa Lula pa milandu yake ija. Flávio Dino anali nduna ya zachilungamo ya Lula. Atsala Cármen Lúcia ndi Luiz Fux, ndipo Fux anakana, anati mlanduwu sunayenere n'komwe kuzengedwa pamenepo. Zinatha 4 kwa 1. Tsono inu mukanakhala mayi a lendi a Tiyamike mukanakhulupirira chigamulo chimenechi? Umboni ulipo wambiri ndikuvomera, wothandizira wake Mauro Cid anaulula, mafoni anaulula, majenerali anachitira umboni. Koma chilungamo chimafunika chizionekanso kwa woluza, apo ayi mwangobzala mkwiyo

Dalitso: Nde amuweruze ndani poti majaji onse a khothi limenelo amasankhidwa ndi mapulezidenti? Bolsonaro naye anaikamo ake awiri

Mphatso: Ndi vuto lomwelo ndikunena. Ndipo Moraes mphamvu zake zakula mopitirira. Kafukufuku wa nkhani zabodza uja khothi linadzitsegulira lokha mu 2019 popanda oimira boma pa milandu kupempha. Watseketsa ma akaunti a anthu, mu 2024 anatseka X dziko lonse kwa mwezi ndi masiku. Mayi wina wokonza tsitsi amene analemba ndi lipisitiki pa chiboliboli cha pakhothi pa 8 Januwale paja anamugamula zaka 14. Zaka 14 anthuni. Lero tikuomba m'manja chifukwa mkwapulo ukugwera amene sitimukonda, nanga mawa mpando umenewo akakhalapo jaji wa mbali inayo n'kugwiritsa ntchito mphamvu zomwezo?

Yohane wa ku Tete: A Mphatso za mayi wa lipisitikiyo sanamugamule chifukwa cha lipisitiki yokha, milandu inali ingapo kuphatikizapo kukhala nawo m'gulu lofuna kugwetsa boma. Koma kuti zaka zinachuluka ndikuvomera. Funso langa kwa inu ndi loti ndani wina akanaimitsa zimenezi? Woimira boma pa milandu wa nthawi ya Bolsonaro anali chete. Sipikala anakhalira mapempho ochotsa pulezidenti oposa 100 osawatsegula. Nyumba ikamapsa amene ali ndi ndowa ndi amene amathira, za kuti ndowayo ndi ya ndani mumakambirana moto utazima

Mphatso: Moto unazima kale koma ndowa sakubweza

Tiyamike: Nonse awiri mukunena zoona ndipo n'chifukwa chake ine ndikuti ndi yofooka. Anthu kuno anaona kale jaji akusanduka ngwazi. Sergio Moro wa Lava Jato, kafukufuku wa katangale uja, kuyambira 2014 anthu ankavala malaya a nkhope yake, anamanga akuluakulu a makampani a Petrobras ndi Odebrecht, katangale analipodi wa mabiliyoni. Anagamula Lula, Lula analowa m'ndende mu Epulo 2018 akutsogola pa kafukufuku wa chisankho, anakhalamo masiku 580. Bolsonaro atawina, Moro yemweyo anakakhala nduna yake. Kenako mameseji anatuluka oonetsa kuti jajiyo ankalangizana ndi oimira boma pa mlandu, mu 2021 khothi lalikulu linafafaniza zigamulo zonse n'kunena kuti Moro anakondera. Ndiye taonani mmene munthu wamba akuonera. Wa Lula amati khothi linamangira munthu wathu ndale. Wa Bolsonaro amati khothi linamasula mbava kuti idzaime, pano lamanga wathu. Aliyense ali ndi chilonda chake ndi khothi lomwelo. Mwa mapulezidenti chiyambire 1985, Collor anachotsedwa mu 1992 ndipo mu 2025 anamangidwa pa za katangale, Dilma anachotsedwa mu 2016, Temer anagwidwapo masiku angapo mu 2019, Lula analowa, Bolsonaro walowa. Ena amati zikusonyeza kuti palibe ali pamwamba pa lamulo, koma mnzanga wina wa ku Bahia anandiuza kuti iye amangoona ngati ndende ndi gawo la kampeni

Mayi a Chisomo: Pepani ndalowa mochedwa ndinali kuntchito. Ine chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi mbali ya mipingo. Ndine wa pente ndipo sindichita nazo manyazi, koma mavidiyo amene ndinaona a anthu atagwada pa mpanda wa asilikali manja m'mwamba kupempha Mulungu kuti mfuti zituluke anandidetsa nkhawa kwambiri. Kodi abusa awo ankawauza chani?

Tiyamike: Mayi, a evangeliko kuno ndi oposa kota ya anthu onse ndipo akuchulukirabe, ali ndi gulu lawo la aphungu lamphamvu zedi. Abusa ena otchuka ngati Silas Malafaia amakwera pa thiraki ya msonkhano limodzi ndi Bolsonaro. Mu 2022 pa WhatsApp panadzaza uthenga woti Lula akawina atseka matchalitchi, mayi anga a lendi anaukhulupirira ndi mtima wonse. Papita zaka zitatu palibe tchalitchi chatsekedwa koma ukawakumbutsa amati n'chifukwa tinapemphera. Koma ndisanamizire onse, kuli abusa ena ndi akhristu ambiri makamaka amayi osauka a m'makomboni amene anavotera Lula mwakachetechete osauza abusa awo

Mayi a Chisomo: Ndiye vuto ndi pamene munthu wandale wasanduka wodzozedwa. Ukangomutcha wosankhidwa ndi Mulungu basi kuluza kwake kumakhala ntchito ya satana, sungavomerenso zotsatira. Dzina lake lapakati eti ndi Messias?

Yohane wa ku Tete: Eya mayi, Jair Messias Bolsonaro, ndipo omutsatira amamutcha Mito, ngati kunena kuti munthu wa m'nthano. Atabayidwa mpeni pa kampeni ku Juiz de Fora mu Sepitembala 2018 n'kupulumuka, ambiri anati ndi chizindikiro chochokera kumwamba. Koma kupembedza munthu si kwa mbali imodzi, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo Lula naye amamuona ngati bambo wawo. PT yakhala zaka zoposa 40 koma mpaka lero ilibe wina woti angaime m'malo mwake, munthu wa zaka 80 akufuna kuimanso 2026

Limbani: Koma Lula anthu amamukonda pa zifukwa zooneka, Bolsa Família, ndalama zothandiza mabanja osauka zija, inachotsa anthu ambiri pa njala

Yohane wa ku Tete: Zoona ndipo sindikunyoza. Ndikungoti anthu amakhulupirira munthu osati dongosolo. Ma Brazil amene ndinkagwira nawo ntchito anandiphunzitsa mawu akuti rouba mas faz, amaba koma ntchito amagwira. Ankanenera wandale wakale wa ku São Paulo Adhemar de Barros koma mpaka lero amawagwiritsa ntchito. Wina anandiuza tikudya nkhomaliro kuti iye sasamala kaya kuli voti kaya kulibe bola mwana wake afike kunyumba osaomberedwa. Ndinamutsutsa koma nditamva mmene kwawo ku Rio kulili, magulu a mankhwala ozunguza bongo mbali ino, magulu a apolisi akale olipiritsa anthu chitetezo mbali inayo, ndinamvetsa pamene akuchokera. Marielle Franco khansala uja anaphedwa mu Malichi 2018 pakati pa mzinda, amene anawomba mfuti anali wapolisi wakale. Munthu wokhala m'malo otero ukamuuza za demokalase amakufunsa kuti ili kuti

A Nkhoma: Apo a Yohane mwakhudza muzu wina. Brazil ndi dziko lomaliza ku America konse kuthetsa ukapolo, 1888. Akapolo oposa 4 miliyoni anatsikira kumeneko, ena anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique, ndiye mwa anthu akuda a kumeneko muli magazi a kuno kwathu. Atamasulidwa sanapatsidwe munda ngakhale sukulu, ndipo lamulo linkati wosadziwa kulemba ndi kuwerenga savota. Lamulo limenelo linatha mu 1985. Werengani nokha, pafupifupi zaka 100 mbadwa za akapolo zambiri zili kunja kwa voti. Kumidzi mwini munda wamkulu ndi amene ankauza anthu ake wovotera. Ndiye demokalase yoti aliyense avote ku Brazil ndi ya dzulodzuloli, malamulo ake ndi a 1988, chisankho choyamba cha pulezidenti chochita anthu eni utatha ulamuliro wa asilikali chinali 1989. Ife referendamu yathu inali 1993. Tasiyana zaka zinayi zokha. Musamaione Brazil ngati nkhalamba pa zimenezi chifukwa cha kukula kwa dziko ndi chuma.

Tiyamike: Voti ya mwini munda ija amaitcha voto de cabresto abambo, voti ya chingwe cha pamphuno ngati ng'ombe ya pangolo. Masiku ano chingwecho ndi ndalama za aphungu. Pali gulu la zipani limene amalitcha Centrão, zilibe mbali, amene wawina ndi amene zimadya naye, zinali ndi Lula, zinali ndi Dilma mpaka zinamutaya, Temer, Bolsonaro, pano zilinso ndi maunduna m'boma la Lula. Aphungu amagawana ndalama za bajeti pafupifupi 50 biliyoni ya ndalama zawo pachaka kuti akapange zitukuko kwawo, ngati CDF yathu ija koma yokula moopsa, ndipo nthawi ya Bolsonaro gawo lina linkagawidwa mwachinsinsi osadziwika kuti wapempha ndani. Pulezidenti aliyense kuti lamulo lidutse ayenera kugula. Mensalão ya 2005 nthawi ya Lula inali yomweyo, kulipira aphungu kuti avote ndi boma. Ndiye wachinyamata akaona zimenezi amati onse ndi amodzi, kenako kukabwera wina wokuwa kuti ine ndithyola zonsezi amamutsatira, osaona kuti wokuwayo, Bolsonaro, anali phungu kuyambira 1991

Dalitso: Chabwino ndamva zonsezi koma mukuiwala mbali yabwino. Makina awo ovotera akugwira ntchito kuyambira 1996, zotsatira zimatuluka usiku womwewo dziko lalikulu ngati limene lija, palibe tipeksi. Bolsonaro anayesa kuwanyoza mpaka kuitana akazembe a mayiko mu Julayi 2022, khothi la zisankho linamuletsa kuima mpaka 2030. Trump anaika msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Brazil kuti mlandu uthe, majaji sanagwedezeke. Zimenezi si zamasewera

Limbani: Apa a Dalitso ali ndi mfundo

Yohane wa ku Tete: Ali nayo. Koma makina abwinowo theka la dziko linauzidwa kuti ndi akuba ndipo ambiri anakhulupirira popanda umboni ngakhale umodzi, asilikali omwe anafufuza sanapeze chinyengo. Ndipo tsiku lovota lenilenilo apolisi apamsewu anaimika mabasi ambiri kumpoto chakum'mawa kumene Lula ali ndi anthu. Makina angakhale abwino bwanji ngati basi yako yaimitsidwa panjira sufika

Mphatso: Ndipo a Dalitso onjezani kuti chipani cha Bolsonaro PL ndi chimene chinapeza aphungu ambiri mu 2022, 99 mwa 513. Chiyambire chigamulo nkhani yaikulu ku nyumba ya malamulo ndi yokhululukira a 8 Januwale, ena akufuna mpaka Bolsonaro yemwe. 1979 ija a Nkhoma anena ikufuna kubwereranso

Tiyamike: Eya koma apa ndiye pali chimene chinandilimbitsa mtima pang'ono. Mu Sepitembala 2025 aphungu atadutsitsa bilu yodziteteza kuti asamazengedwe milandu popanda chilolezo cha anzawo, n'kufulumizitsanso ya chikhululukiro ija, anthu anatuluka m'misewu Lamulungu pa 21 m'mizinda yonse ikuluikulu. Ine ndinapita nawo ku Belo Horizonte ndi anzanga a kusukulu ngakhale ndine mlendo ndinangoima chapambali. Anthu ankakuwa sem anistia, palibe kukhululuka. Panali agogo ena atanyamula chithunzi cha m'bale wawo amene anasowa nthawi ya asilikali, ndinalephera kudzigwira. Patangopita masiku ochepa Senate inaikana bilu yodzitetezayo. Ndiye anthu osamala alipo ndipo akatuluka zinthu zimasintha. Kungoti mbali inayo nayo ikaitana msonkhano ku Avenida Paulista, msewu waukulu wa ku São Paulo, imadzaza chimodzimodzi

A Nkhoma: Mwana wanga uzisamala pa zionetsero za eni dziko, pepala lako ndi la sukulu. Koma zimene waonazo ndi zofunika. Ife mu Epulo 2012 Bingu atamwalira panali masiku awiri amene dziko linali lende, nduna zina zikufuna kulambalala malamulo, ndipo mkulu wa asilikali General Odillo anaima ndi malamulo Joyce Banda n'kulumbira. Tinasangalala, koma ine usiku umenewo ndinadzifunsa funso lomwe a Yohane afunsa lija, nanga akanakhala munthu wina pampando umenewo? N'chifukwa chake nkhani ya ku Brazil sindikuiwerenga ngati ya kutali.

Mayi a Chisomo: Tiyamike, nanga mayi a lendiwo mumakambirana nawo zimenezi kapena mumangopewa?

Tiyamike: Poyamba ndinkapewa, ndinkaopa kutaya malo ogona. Koma tsiku lina tikusenda chinangwa kukhitchini anandifunsa okha kuti kwanu ku Africa kuli demokalase? Ndinawafotokozera za 2019 ndi 2020, kuti khothi linafafaniza chisankho anthu n'kuvotanso, komanso kuti mu 2025 pulezidenti amene anali pampando analuza ndipo anavomera zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Anakhala chete kenako amvekere ndiye kwanu majaji ndi oona mtima, kuno ayi. Ndinawafunsa kuti nanga asilikali akanalanda boma, mwana wanu wamkazi amene anavotera Lula uja akanatuluka kukachita zionetsero n'kutengedwa mukanatani? Anati sizikanafika pamenepo, asilikali akanangokonza zinthu miyezi yochepa n'kuitanitsa chisankho china. Ndinawauza kuti mu 1964 anthu ankaganizanso choncho, zinatenga zaka 21. Sanayankhe, anangopitiriza kusenda. Mwana wawoyo sabweranso kudzadya Lamulungu chiyambire 2022, amangoimba foni pa Khirisimasi, ndipo mabanja otere kuno ndi ambiri

Limbani: Zomvetsa chisoni. Nde 2026 mukuiona bwanji poti munthu wawo ali m'kati?

Mphatso: Adzaimika wina. Bwanamkubwa wa São Paulo Tarcísio de Freitas ananena kale poyera kuti atakhala pulezidenti chinthu choyamba ndi kumukhululukira Bolsonaro. Kaya aima iyeyo kaya wina wa m'banjamo, funso la pa balotilo likhala lomwelo, atuluke kapena akhale

Dalitso: Ndipo akawina mwachilungamo n'kumutulutsa, imeneyonso ndi demokalase, si choncho?

Yohane wa ku Tete: Funso lovuta limenelo achimwene. Mwa malamulo khothi likhoza kukana, linakanapo kale chikhululukiro chimene Bolsonaro anapatsa phungu wake wina. Koma tangoganizani pulezidenti watsopano wa mavoti 60 miliyoni mbali ino, majaji 11 mbali inayo, asilikali ali pakati akuonerera. Majenerali ngati Braga Netto ndi Augusto Heleno analowa m'ndende koyamba m'mbiri ya dzikolo pa mlandu wofuna kulanda boma, anzawo amene atsala m'mabalaki sitikudziwa akuphunzirapo kuti tisadzayesenso kapena kuti ulendo wina tisadzalephere

Dalitso: Ine ndikhalabe pa mawu anga kuti yalimba kusiyana ndi mmene inalili, koma zoti anthu awiri aja akanavomera zikanatha bwanji ndilibe yankho

Tiyamike: Ndikusiyani kaye abale, kuno ndi 6 koloko madzulo kwanuko ndi 11 usiku mukagone. Mayi aja akundiitana kuti tidye, aphika nyemba, ndipo ndamva akutsegula TV ndiye nkhani ikhala yomweyi patebulo. Andipempha kuti mawa ndiwathandize kulemba meseji kwa mwana wawo uja yomuitana pa Khirisimasi, akuti iwo akalemba okha imathera ku ndale. Abambo Nkhoma za 1979 zija munditumizire ku inbox mwatsatanetsatane, ndikufuna ndikafunse aphunzitsi anga Lolemba.